Kupatsa n'kuika: za duwa lonunkhira la ku Mwenilondo

Miyambi ina imaoneka ngati ikutsutsana, ndipo munthu wosaizolowera angaganize kuti akale adali anthu a pawiripawiri. Mwambi wina umati tsabola wakale sawawa, kutanthauza kuti chinthu chikakhalitsa chimasukuluka, ndipo nzeru za dzana sizingaweruze mlandu wa lero. Wina umati mawu a akulu akoma akagonera. Yonse iwiri ndi yoona, koma uliwonse uli ndi bwalo lake. Luntha lagona pa kuzindikira chimene zaka zimachisukulutsa ndi chimene zaka zimachikometsa. Nkhani ya duwa la gogo wina wa ku Mwenilondo, m'boma la Karonga, imathandiza kusiyanitsa ziwirizi, ndipo imafikanso pa mwambi wachitatu umene ndiye mwini nkhani: kupatsa n'kuika.

Mwenilondo ali m'mphepete mwa msewu wa M1, kummwera kwa tauni ya Karonga, m'dziko la Mfumu Yaikulu Kyungu. Ndi chigwa cha kunyanja, kumene dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limatulutsa thukuta ngakhale munthu wokhala pamthunzi. Anthu a chigwachi amadziwika ndi mpunga, chinangwa, nthochi ndi ng'ombe. Wofuna maluwa a rozi sangayambire kufunsa kumeneko. Angapite ku Zomba, ku Dedza kapena ku Mzuzu kumene kumazizira. Ndiponso rozi si mbewu yobadwira m'Malawi. Mitundu yake yakutchire imamera ku Asia, ku Ulaya ndi ku North America, ndipo kummwera kwa chipululu cha Sahara kuli mtundu umodzi wokha wodzimerera, kumapiri a ku Ethiopia ndi maiko oyandikana nalo. Motero chitsamba chilichonse cha rozi chimene chili pakhomo la munthu m'Malawi chidachita kubwera, ndipo chili ndi mbiri ya manja amene chidadutsamo.

Mbiri ya m'banja la gogowa imati agogo awo aamuna adali wosamalira dimba pa mishoni ya Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe, pamene Dr. Robert Laws adakhazikitsa mishoniyo m'chaka cha 1894. Kumeneko ndi kumene adapempha kanthambi ka duwa lina lonunkhira nakakabzala pakhomo pawo. Mwana wawo wamkazi atakwatiwa cha ku Chilumba, adatsika phirilo ndi kanthambi kena kokulungidwa m'khungwa lonyowa la nthochi. Nayenso mwana wa mayiyo, amene ndiye gogo wa nkhani ino, potengedwa kupita kwa mwamuna ku Mwenilondo adanyamula kanthambi kachitatu.

Izi sizidali zachilendo. Kale m'midzi yambiri mwana wamkazi popita ku banja sankapita chimanjamanja. Mayi ake ankamumangira mbewu: nyemba, nthanga za maungu, mitengo ya chinangwa, mwana wa nthochi. Mbewu sinkagulidwa, inkapemphedwa, ndipo kumana mnzako mbewu kunkaonedwa ngati nkhanza yoposa kumumana nsima, pakuti nsima ndi ya lero koma mbewu ndi ya chaka chamawa. Wopatsayo ankadziwanso kuti yake ikadzapsa ndi dzuwa kapena kufumbwa, adzakaipeza kwa amene adampatsa.

Duwalo lidali la pinki wotuwa, la timasamba tambiri tothithikana. Silidali loimika munthu panjira ndi maonekedwe ake. Koma m'mawa, mame asanaume, fungo lake linkafika pamtondo pamene amayi ankasinja. Gogowo adalibzala kuseri kwa nyumba, kumbali yotulukira dzuwa, ndipo lidakhala pamenepo zaka zoposa 40. Amuna awo atamwalira, nkhata imene iwo adaika pamanda idali ya maluwa a chitsamba chimenecho, ndipo adauza ana awo kuti tsiku lawo likadzafika asadzawagulire nkhata ya pulasitiki.

M'mwezi wa Disembala 2009 boma la Karonga lidagwedezeka ndi zivomezi zotsatizana. Chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chidachitika usiku wa pa 19 kuchera pa 20, ndipo nyumba zikwizikwi zidagwa kapena kung'aluka. Khoma la kuseri kwa nyumba ya gogowo lidagwera pachitsamba chija. Anthu ankagona panja, mvula ili mkati, ndipo palibe amene akadaganiza za duwa pamene ana alibe pogona. Pomanganso nyumba, amisiri adaunjika njerwa ndi kukandira matope pamalo omwewo. Mphukira ziwiri zimene zidayesa kutuluka zidadyedwa ndi mbuzi. Pofika chilimwe padalibe kanthu.

Mdzukulu wawo wina wogwira ntchito ku Lilongwe adamva kuti agogo ake akudandaula. Pobwera kumudzi adagula rozi pa nazale ina ya mumzinda, la maluwa ofiira aakulu, lokongola ngati la pachithunzi.

"Agogo, ndakubweretserani duwa lanu lija."

Gogowo adalilandira ndi manja awiri, nalifikitsa kumphuno kawiri. "Wachita bwino, mdzukulu wanga, Mulungu akudalitse. Koma ili ndi la maso. Lija lidali la mphuno."

Akale akadati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ngakhale kuti duwa latsopanolo lidalibe nyerere, lidangosowa fungo. Mnyamatayo sadanyengedwe ndi wogulitsa. Maluwa ambiri a rozi a masiku ano ndi otero, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Minda yaikulu ya maluwa, monga ya m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya ndi ina ya kufupi ndi Lusaka ku Zambia, imalima maluwa oti akwere ndege kupita ku misika ya ku Ulaya, monga wa ku Aalsmeer m'dziko la Netherlands. Duwa lotero liyenera kukhala la tsinde lalitali lowongoka, la mtundu wowala, losafota msanga. Kwa zaka zambiri opanga mitundu yatsopano ankasankha zimenezi, ndipo fungo, limene silioneka m'sitolo, lidatsalira m'mbuyo. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku France adaonetsa kuti m'timasamba ta maluwa onunkhira muli chinthu china chotchedwa RhNUDX1 chimene chimathandiza kupanga mafuta a fungo, ndipo m'maluwa osanunkhira chimakhala chochepa kwambiri.

Odziwa za maluwa amaika malire pa chaka cha 1867, pamene Mfalansa wina, Jean-Baptiste Guillot wa ku Lyon, adatulutsa duwa lotchedwa La France, limene limawerengedwa ngati chiyambi cha maluwa a rozi amakono. Magulu amene adalipo chisanafike chaka chimenecho ndiwo amatchedwa akale. Pakati pawo pali la Damask, limene ku Kazanlak m'dziko la Bulgaria amalithyola m'bandakucha kuti atchezemo mafuta onunkhira. Pamafunika makilogalamu oposa 3,000 a timasamba kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta. Koma Damask ndi anzake a ku Ulaya amafuna chisanu champhamvu kuti amasule bwino. Amene amapirira kutentha ndi a magazi a ku China, ndiponso gulu la Bourbon, limene lidayambira pa chilumba cha Réunion, kummawa kwa Madagascar, cha m'ma 1817, pamene duwa la ku China lidakwatirana lokha ndi la Damask m'mipanda ya minda. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Duwa la ku Mwenilondo, poona kupirira kwake ndi kuthithikana kwa timasamba take, limafanana ndi la gulu limeneli lotchedwa Souvenir de la Malmaison, lotulutsidwa ku Lyon komweko m'chaka cha 1843. Gogowo amangolitcha duwa la amama.

Munthu wa ku Karonga safunika kuphunzitsidwa kuti fungo ndi chuma. Mpunga wa Kilombero, umene dzina lake lidachokera ku chigwa china cha ku Tanzania, umachedwa kucha ndipo subereka ngati mitundu ina yatsopano, komabe alimi a ku Kaporo, Hara, Wovwe ndi Lufilya sadautaye, chifukwa ukakhala pamoto mudzi wonse umadziwa. Fungo lomwelo ndilo lidaufikitsa kutali: m'chaka cha 2009 bungwe la Just Trading Scotland lidayamba kuuitanitsa kukagulitsa ku Scotland, kwawo kwa amishoni a pa Khondowe aja. Mlimi wa Kilombero amadziwanso kuti mbewu yake ikasakanikirana ndi ina, fungo limachepa chaka ndi chaka. Pa rozi lamulo ndi lolimba koposa. Njere yake simabala chofanana ndi make. Njira yosungira mtundu ndiyo kudula nthambi ndi kuibzala, ndipo chomera chatsopanocho ndi chitsamba chakale chomwecho chikupitiriza moyo pamalo ena. Chikafa paliponse popanda wotengako nthambi, palibe sitolo ingachibweze.

Gogowo adakhala pansi nawerenga pazala anthu amene adawapatsako nthambi m'zaka zonsezo. Adapeza anayi. Woyamba adali mayi wa mumpingo amene adasamukira ku Mzuzu kalekale, ndipo pabwalo pake padamangidwa golosale. Wachiwiri, wa ku Lupembe, adati chiswe chidadya mizu. Wachitatu adaseka nati adachizula chifukwa minga inkabaya ana. Kudatsala wachinayi, ndipo ameneyo ndiye gogowo sankafuna kumutchula: mlongo wa malemu amuna awo, wokwatiwa m'mudzi wina cha kumtunda. Awiriwa adayambana pa nkhani ya ng'ombe za malemuwo maliro atangotha, ndipo kuyambira pamenepo ankangopatsana moni wa pamaliro, wa pakamwa pokha.

Padapita miyezi gogowo akulimbana ndi mtima. Kupita kukapempha kunkaoneka ngati kuvomera kuti pa mlandu wa ng'ombe olakwa adali iwo. Koma zaka zinkapita, maondo ankalema, ndipo adazindikira kuti akazengereza, mmodzi wa awiriwo adzapita kumanda, duwa n'kupita naye. Tsiku lina adamanga mpunga m'kansalu, nagwira nkhuku, nauyamba ulendo.

Ataodira, adalandiridwa pamphasa, ndipo moni udatenga nthawi monga mwa mwambo. Kenaka gogowo adati, "Alamu, ndabwera kudzapempha mbewu."

"Mbewu yanji, alamu, mwezi uno?"

"Ya duwa lija ndidakupatsani chaka chimene mwana adatisiya."

Mlamuyo adakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pansi. "Lilipo. Lili kumutu kwa mwana wanu uja. Za ng'ombe tidzakamba tsiku lina, koma mbewu samana."

Kumaiko ena manda ndi kumene okonda maluwa akale amayambira kufufuza, chifukwa chobzalidwa pamanda sichizulidwa fashoni ikasintha. Ku South Africa dokotala wina, Gwen Fagan, adayendayenda m'manda ndi m'mafamu akale kutolera maluwa otere, nalemba buku lotchedwa Roses at the Cape of Good Hope, lotuluka m'chaka cha 1988. Ku Texas, m'dziko la America, kudali kagulu kamene m'zaka za m'ma 1980 kankachita chimodzimodzi. Koma m'Malawi kumanda salowako wamba. Popanda maliro kapena chilolezo cha mfumu, kulowako ndi mlandu, ndipo ngakhale nkhuni kapena chipatso cha kumanda anthu satola. Kwa mayi wokalamba ngoziyo ndi yaikulu koposa. M'boma la Karonga ndi m'maboma ena okalamba akhala akumenyedwa, ena kuphedwa kumene, powanamizira ufiti, ngakhale kuti lamulo la m'chaka cha 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nkhalamba yoonedwa ili yokha kumanda ndi mpeni m'manja ikadadziitanira tsoka.

Choncho alamu awiriwo adapita limodzi kwa mfumu ya mudziwo nafotokoza zonse poyera. Akuluakulu ena adakana, nati chochokera kumanda sichilowa pakhomo la munthu. Ena adati duwalo lidachokera pakhomo lisanapite kumanda, ndipo mwini wake akudziwika. Mfumu idagamula motere: mwini manda, ndiye mayi wa mwanayo, adule yekha nthambizo masanasana pamaso pa akuluakulu awiri, azibzale pakhomo pake, zikadzagwira, mlendoyo adzalandire chomera kuchokera pabwalo la munthu wamoyo. Chigamulo chimenechi chidasunga ulemu wa manda, chidatchinjiriza mbiri ya nkhalamba, ndiponso, kaya mfumu idalinga kaya ayi, chidakakamiza alamu awiriwo kuonana sabata ndi sabata.

Adadikira mpaka mwezi wa Juni, mwera utayamba kuomba, pakuti nthambi yodulidwa m'nyengo yotentha imauma isanatulutse mizu. Chitsamba cha kumanda chija chidali chitakhala zaka zambiri popanda wochithirira, koma chidali chamoyo. Apa pali kusiyana kwina. Maluwa ambiri a ku nazale ndi omezanitsidwa pa tsinde la mtundu wina, ndipo mbuzi kapena moto ukawononga kumwamba, chophuka pansi chimakhala chachilendo. Chitsamba chomera ndi mizu yakeyake chikadyedwa chimaphukanso chomwecho.

Mayi wa mwanayo adadula nthambi khumi, zonenepa ngati pensulo, zotalika ngati chikhatho chotambasula, posankha zimene zidali zitangotha kumasula. Adadula mmunsi mwa mfundo ndi mpeni wakuthwa, nazikulunga m'nsalu yonyowa, ndipo potuluka onse adasamba m'manja. Kunyumba gogowo adathothola masamba a mmunsi nasiya awiri a pamwamba. Adasakaniza mchenga wa kumtsinje ndi dothi la pansi pa mtengo, nathira m'machubu obooka pansi, nazika nthambi iliyonse kupitirira theka. Pamwamba adavundikira mabotolo a pulasitiki odulidwa kuti chinyezi chisathawe, naika zonse pansi pa mtengo wa mango, kumene kuwala kumafika koma dzuwa siliwomba. Madzi ankathira pang'ono, ongonyowetsa, chifukwa nthambi zambiri zimafa ndi kuola osati ndi ludzu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthambi ya rozi imatha kutulutsa timasamba isanakhale ndi muzu ndi umodzi womwe, ndipo wopupuluma akaizula kuti aone amaipha. Pamafunika masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. M'masabata amenewo gogowo ankakwera njinga ya kabaza Loweruka lililonse kukaona machubu awo, ndipo popeza mlendo sabwerera ndi njala, ankadya kondowole m'mbale imodzi ndi mlamu wawo. Mwa nthambi khumi, zisanu ndi ziwiri zidada n'kufa. Zitatu zidagwira. Chomera chimodzi chidatsala pakhomo la mlamuyo, ziwiri zidapita ku Mwenilondo, ndipo mwa ziwirizo chimodzi chidapsa ndi dzuwa la mu Novembala.

Chotsalacho gogowo adachisamala ngati mwana wobadwa masiku osakwana, pakuti m'mera mpoyamba. Adakumbitsa dzenje lofika m'bondo, mulifupi chimodzimodzi, kumbali kumene dzuwa limafika m'mawa ndipo masana kumagwa mthunzi wa nyumba. Adathiramo ndowe za ng'ombe zoola bwino, za m'khola lakale, chifukwa zaziwisi zimatentha mizu ndi kuitana chiswe. Adazinga mpanda wa bango kuopa mbuzi. Pothirira ankathira patsinde m'mawa, osanyowetsa masamba, pakuti masamba ogona ndi madzi amagwidwa ndi nthenda ya madontho akuda, makamaka m'miyezi ya Malichi ndi Epulo pamene mvula ya ku Karonga imalimbika. Adaphimbira nthaka ndi mapesi a mpunga, koma motalikirako ndi tsinde, nawaza phulusa pozungulira. Nsabwe za m'masamba zikabwera ankazitsuka ndi madzi a sopo kapena a masamba a nimu. Podulira ankangochotsa nthambi zouma ndi maluwa ofota, chifukwa maluwa akale a kotentha sakonda kudulidwa kwambiri ngati amakono. Minga idawabaya kangapo, koma walira mvula walira matope.

Duwa loyamba lidamasula mvula yotsatira itatha. Lidali laling'ono, ndipo gogowo sadalithyole. Adatuma mwana kukaitana mlamu wawo kuti abwere m'mamawa, dzuwa lisanakwere, pakuti kutentha kwa masana kumauluza fungo. Nkhani ya ng'ombe idakambidwa chaka chomwecho pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ndipo mlandu umene udagona zaka zambiri udatha tsiku limodzi.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse m'mwezi wa Juni gogowo amadula nthambi ndi kugawa. Apatsa ana awo aakazi, amayi a mumpingo, aphunzitsi a pa sukulu yoyandikana nawo, ndi mdzukulu wa ku Lilongwe uja. Ndalama salandira. Chimene amapempha ndi chimodzi, kuti wolandirayo chikadzakula adzapatseko anthu ena awiri, ndi kuwauza kumene chidachokera. Duwa lofiira lija nalonso sadalitaye. Lili kumaso kwa nyumba kumene odutsa amaliona.

Tsabola wakale sawawa, n'zoona, chifukwa tsabola amasungidwa wouma m'chiguduli. Chimene chimasungidwa chamoyo, m'manja mwa anthu ambiri, sichisukuluka chotero. M'midzi yambiri muli zinthu za mtundu umenewu zimene zatsala pakhomo limodzi kapena awiri: nthochi ya fungo lake, chimanga cha makolo chosafumbwa msanga, nyemba ya dzina lachikale, mtengo wa mankhwala, duwa la kuseri kwa tchalitchi. Amene amadziwa mbiri yake ndi okalamba, ndipo safunsidwa kawirikawiri. Wachinyamata wofuna kuzipeza asayambire ku sitolo. Ayambire kwa agogo ake, afunse amene adapatsidwako, apemphe mwaulemu ndi poyera, ndipo akalandira asaumire, chifukwa nkhokwe yokhayo imene chivomezi, mbuzi ndi chiswe sizingaigwetse tsiku limodzi ndi pakhomo la mnzake.